Mwapatsidwa The Flowers ya Alice Walker? Tsatirani izi musanalembe, makamaka za chingwe chija

Mwezi uno wokha anthu anayi andifunsa funso limodzimodzi, atatu pa WhatsApp usiku ndithu, mmodzi anachita kundiimitsa panjira ndikuchokera ku msika. Akuti aphunzitsi, tapatsidwa kankhani ka Alice Walker kaja kotchedwa The Flowers, akuti tilembe za kutha kwa ubwana ndi nkhanza za tsankho, koma nkhaniyo ndi yaifupi zedi, masamba anayi tiwadzadza ndi chani? Chaka chatha zinali chonchi, chaka chinacho chimodzimodzi. Ndiye ndati ndilembe kamodzi kuti aliyense wofunsa ndizingomulozera apa. Nkhaniyi ndimaikonda kwambiri ndipo zimandipweteka ndikaona ikulembedwa mwachidule ngati nthano ya mwana amene anaona mafupa nkuchita mantha, chifukwa si zimenezo ayi.

Kwa amene simunaigwire nkomwe: ili m'buku la nkhani zazifupi lotchedwa In Love and Trouble lomwe linatuluka mu 1973, mawu ake safika olo 600, mutha kuiwerenga madzi a tiyi asanawire. Mtengambali ndi mmodzi, Myop, mtsikana wachikuda wa zaka 10, mwana wa alimi osauka kummwera kwa America. Akutuluka mmawa nthawi yokolola, kandodo kali mmanja, akuthothola maluwa kutchire kuseri kwa nyumba yawo, kenako akuponda chigaza cha munthu amene anafa kalekale, kenako akuona zotsalira za chingwe. Akuika maluwa ake pansi. Nkhani yathera pompo.

1. Werengani nokha kawiri, kachiwiri mokweza mawu, foni ili patali

Ndikudziwa mukangopatsidwa asayimenti chala chimathamangira pa intaneti. Dikirani kaye. Zachidule zomwe zili kumeneko zambiri zimanena zofanana, ndipo mukayamba ndi izo mumawerenga nkhani ndi maso a munthu wina, mapeto ake kalasi yonse imapereka pepala limodzi losiyana mayina okha. Ulendo woyamba ingowerengani basi ngati mmene mumamvera nkhani ya mnzanu. Ulendo wachiwiri werengani mokweza, pensulo ili mmanja, ndipo pamene pakumveka kuti mawu anu asintha okha, mwayamba kuwerenga pang'onopang'ono kapena pakhosi pauma, ikani kachizindikiro. Malo amenewo tiwafuna pa nambala 3 ndi 4.

2. Dziwani malo ndi nthawi, apo ayi muwerenga nkhani ina

Walker sanalembe chaka, sanatchule dzina la mudzi kapena boma. Anangotaya mawu amodzi, akuti nyumba ya kwawo kwa Myop ndi ya sharecropper, ndipo kwa munthu wa ku America mawu amenewo akukwana kumuuza zonse. Ife tikuyenera kuwamasula.

Ukapolo unathetsedwa mwalamulo ku America mu 1865, koma anthu akuda anamasulidwa opanda malo, opanda khasu lawolawo. Ndiye ambiri anabwerera m'minda ya azungu omwe aja pa mgwirizano wakuti mwini malo akupatsa munda, kanyumba kamatabwa, mbewu ndi zakudya pa ngongole, iwe ulima thonje, pokolola mugawana. Koma buku la ngongole limasungidwa ndi mwini malo, sikelo ndi yake, sitolo ndi yake, chaka chikamatha umapezeka kuti ukadali ndi ngongole ndipo sungachoke. Ameneyo ndiye sharecropper. Amene munakulira pafupi ndi maesiteti a fodya mwazindikira kale fungo lake, ndi moyo wa tenanti, ngakhale kumeneko pamwamba pa ngongole panali khungu ndi lamulo. Alice Walker mwini wake anabadwira m'banja lotere mu 1944 ku Eatonton m'chigawo cha Georgia, mwana wachisanu ndi chitatu, womaliza. Sankalemba zongomva.

Mawu achiwiri ndi Jim Crow, dzina la malamulo a tsankho omwe zigawo zakummwera zinakhazikitsa asilikali a boma lalikulu atachokako mu 1877: sukulu zosiyana, mabogi a sitima osiyana, zipatala zosiyana, kuvota kotsekerezedwa ndi misonkho ndi mayeso. Mu 1896 khoti lalikulu pa mlandu wa Plessy v. Ferguson linavomereza kulekanitsa anthu chonchi.

Achitatu ndi lynching, ndipo awa ndiye mtima wa nkhani yonse ngakhale mulibemo olo kamodzi. Ndi kupha munthu mwachigulu popanda khoti, ndipo kummwera kuja inali njira yoopsezera anthu akuda onse kuti asadzutse mutu. Munthu ankatha kuphedwa chifukwa chotsutsana ndi mwini munda pa za ngongole, kufuna kuvota, kuyankha mzungu mosagonja, kapena kungonamiziridwa kuti wayang'ana mkazi wachizungu. Bungwe la Equal Justice Initiative linawerenga anthu akuda oposa 4,400 ophedwa motere pakati pa 1877 ndi 1950. Nthawi zina kunkasonkhana khamu ngati kuli mpira, ndi ana omwe, nkujambula zithunzi nkumazigulitsa ngati mapositikhadi. Ida B. Wells, mtolankhani wachikuda, anayamba kufufuza ndi kulemba za izi mu 1892 anzake atatu a sitolo ataphedwa ku Memphis, ndipo ofesi ya nyuzipepala yake inaphwanyidwa. Mu Julaye 1946, Walker ali ndi zaka ziwiri, ku Moore's Ford m'Georgia momwemo anthu anayi, amuna awiri ndi akazi awiri ogwira ntchito m'minda, anawomberedwa ndi gulu la azungu ndipo palibe amene anaimbidwa mlandu wa kuphako mpaka lero. Mu Ogasiti 1955 Emmett Till, mnyamata wa zaka 14 wochokera ku Chicago, anaphedwa ku Mississippi, mtembo wake nkuponyedwa mumtsinje wa Tallahatchie, ndipo amene anamupha khoti linawamasula. Lamulo la dziko lonse loletsa lynching, lomwe lili ndi dzina la Till, linasayinidwa mu Malichi 2022. Inde 2022, sindinalakwitse.

Chenjezo: izi ndakupatsani kuti mumvetse, osati mukazikhuthulire zonse mu chimangirizo chanu. Ndime imodzi ya mbiri ndi yokwanira. Ndinaonapo pepala la masamba asanu, anayi onse mbiri ya ukapolo, Myop akutulukira patsamba lomaliza ngati mlendo.

3. Dulani nkhaniyo ndi pensulo

Tengani pepala mulembe mzere pakati. Kumanzere lembani zonse za kuwala ndi chisangalalo zomwe zili kumayambiriro: dzuwa lofunda, zokolola za chimanga, thonje, mtedza ndi maungu, Myop akudumphadumpha kuchoka ku khola la nkhuku kupita ku khola la nkhumba, akumenya kandodo pa mpanda kutsata nyimbo yomwe ili mmutu mwake, kasupe amene banja limatungapo madzi akumwa. Kumanja lembani zomwe zikubwera dzuwa litafika paliwombo: malo achilendo, mdima wa pansi pa mitengo, mpweya wachinyezi, zii woopsa.

Muona kuti nkhani ikutembenuka 12 koloko masana, ali mtunda wa mailo imodzi kapena kuposa kuchoka kwawo, ndipo izi zikuchitika asanaone chilichonse. Onaninso tizinthu tiwiri tomwe ambiri amadumpha. Poyamba, akunyamuka atafulatira nyumba yawo ya matabwa adzimbiri, ndiye kuti umphawi unalipo kuyambira pachiyambi, iye sankauyang'ana chabe. Chachiwiri, kutchire kuja ankapitako ndi amayi ake kukatola mtedza wakutchire, koma tsiku limeneli ali yekha ndipo akudzipangira njira yake. Akuyenda akusamala njoka, ndiye choopsa chokhacho chomwe akuchidziwa. Mfundo imeneyi yokha itha kukupatsani ndime yathunthu yabwino.

4. Pezani penipeni pamene ubwana wathera

Apa ndi pamene ndikhalitse chifukwa apa ndi pamene malikisi amathera, ndipo zolemba zambiri zothandiza ophunzira zimangodutsapo. Mapepala asanu ndi anayi mwa khumi amalemba kuti Myop anataya ubwana wake ataona mtembo. Bwererani pa nkhaniyo muone ngati zili choncho.

Chidendene chake chikutitimira m'chigaza, pakati pa mphumi ndi mphuno, ndipo akuwerama kudzimasula, wolemba akunena mosabisa kuti alibe mantha. Akungotulutsa kamfuu kakang'ono kodzidzimuka ataona mano ali pamtunda. Sakuthawa. Akukankha masamba ndi dothi, akuyang'ana bwinobwino, akuona kuti anali munthu wamtali, wamafupa akuluakulu, zala zazitali, mano akulu oyera koma onse osweka kapena ong'aluka, mutu uli pambali, zovala zinawola kupatula timaulusi ta ovolosi ya buluu, tizitsulo tomangira ovolosiyo tinasanduka tobiriwira. Akuyang'ana malowo mwachidwi. Kenako, tamvani izi, akuona duwa la rozi lakutchire lapinki pafupi ndi pamene anaponda, nkulithothola kuti awonjezere pa mtolo wake. Mwana amene ubwana wake watha sathothola duwa pambali pa chigaza. Mpaka pamenepa akadali Myop wa mmawa uja. Ndi mwana wa pamunda, nkhumba zimaphedwa akuona, nkhuku zimadulidwa khosi akuona, imfa payokha si yachilendo kwa iye.

Pothothola duwa lija ndi pamene akuona kamzere kozungulira tsinde lake ngati mkombero, zotsalira za chingwe chopachikira munthu, chowola, chikusanduka dothi. Akukweza maso, pa nthambi ya mtengo waukulu wa oak pali chidutswa china chikulendewera, chikuzungulira ndi kamphepo. Pamenepo ndi pamene akuika maluwa pansi. Ndiye chimene chathetsa ubwana wake si kuona kuti munthu amafa, koma kuzindikira kuti munthu uyu anaphedwa ndi anthu, kuti anali wovala ngati amuna a kwawo, ndipo zinachitikira mailo imodzi kuchoka pa kasupe amene iye amamwa. Pampondachimera pa nkhaniyi ndi pa chingwe osati pa chigaza. Mukangogwira ichi pepala lanu lasiyana kale ndi la anzanu.

Tsopano funso lomwe ine ndimaliona lolemera kuposa onse: wadziwa bwanji? Palibe wamkulu pamenepo womufotokozera, palibe chikwangwani. Ngati mwana wa zaka 10 akuona chingwe pa nthambi nkumvetsa nthawi yomweyo, ndiye kuti anali atamvapo kale, kaya akuluakulu akunong'onezana pakhonde usiku, kaya amayi akumuletsa njira ina osanena chifukwa. Tonse tinakula ndi nkhani zotere zomwe akulu amasiya kukamba mwana akalowa, umadziwa kuti pali kanthu koma sukakhudza. Ndiye ubwana wa Myop sunali kusadziwa kwenikweni, unali mwayi wokhala ngati zinthuzo zili kutali ndipo sizikumukhudza. Chingwe chija chachotsa mtunda umenewo. Mukalemba mfundoyi muilembe ngati maganizo anu ochokera pa umboni, musanene kuti wolemba wanena, chifukwa sananene.

Pali chinthu china chomwe ophunzira a kwathu kuno amachita ndipo sindiwanena. Tsiku lina tikuwerenga pagulu la anthu asanu pansi pa mtengo wa mango, mnyamata wina amene sankayankhulayankhula anadikira tonse titamaliza nkunena motsitsa mawu kuti, koma aphunzitsi, bamboyu sanadzimangirire? Anzake anafuna kuseka ndinawaletsa, chifukwa funso lake linali loona mtima. Kwathu kuno ukamva kuti munthu wapezeka pamtengo ndi chingwe maganizo amapita kumeneko, ndipo nditamuyang'ana nkhope ndinadziwa kuti sakufunsa za m'buku zokha. Tinakhala kaye chete pang'ono, kenako tinabwerera pa tsamba limodzi kukafuna umboni, ndipo ndi umboni womwewu umene inu mukuyenera kuika pa pepala m'malo mongolengeza kuti inali lynching:

Mano onse ndi osweka. Munthu wodzimangirira sayamba waswa mano ake onse, izi zikuloza kuti anamenyedwa kaye. Ovolosi ndi yunifolomu ya wolima m'munda wa eni, ikutiuza kuti anali wa gulu lomwelo la bambo ake a Myop. Chingwecho wolemba akuti ndi plowline, chingwe chowongolera bulu pokoka pulawo, chida cha ntchito yomweyo imene ankagwira, chasanduka chomuphera. Ndipo chachikulu kwa ine, sanaikidwe mmanda. Taganizirani kwathu munthu wamkulu asowe, mudzi wonse umalowa mtchire, akapezeka mfumu imauzidwa, maliro amalira, olo akhale wosauka bwanji adzukulu amakumba manda. Uyu wagona pamenepo mpaka tizitsulo tachita ndere, mailo imodzi kuchoka pa nyumba za anthu. Kapena abale ake sanadziwe kumene anathera, kapena ankadziwa koma kukamutenga kunali kuika moyo wawo pachiswe, ndipo zonse ziwirizi zinkachitika nthawi imeneyo. Mukaphatikiza izi ndi malo ndi nthawi za pa nambala 2, yankho likutuluka lokha.

Koma samalani polemba. Nkhaniyo sikutchula amene anamupha, sikutchula mzungu olo mmodzi, sikunena kuti analakwa chani, ngakhale khungu lake sikulitchula chifukwa khungulo linatha. Ndiye gwiritsani mawu ngati "izi zikusonyeza kuti", "umboni ukuloza ku", osati kupeka kuti azungu asanu anabwera usiku ndi agalu. Ndinawerengapo pepala lotero, lolembedwa bwino ndithu, koma zonse zinali za mmutu mwa wolemba pepalayo. Ndipo kusatchulako nakonso ndi mfundo yoti mulembe: opha aja kulibe m'nkhani monga mmene analiri kulibe m'mabuku a khoti, bamboyo alibe dzina monga mazana a anthu amene mayina awo sanalembedwe paliponse. Ku Montgomery m'chigawo cha Alabama kuli malo achikumbutso omwe anatsegulidwa mu 2018, kuli zipilala zachitsulo zoposa 800 zolendewera kuchokera kudenga, chilichonse chikuimira boma limodzi kumene anthu anaphedwa, ndipo pa zina m'malo mwa dzina analembapo kuti wosadziwika.

5. Zizindikiro, sankhani zitatu basi

Nkhaniyi ili ndi zizindikiro zambiri moti ena amasanduka osaka zizindikiro, nkhuku chizindikiro, mpanda chizindikiro, thovu la pamadzi chizindikiro. Sankhani zochepa muzifukule.

Maluwa ndiye oyamba. Mmawa ndi chuma cha mwana, akutola chifukwa ndi okongola basi. Pomaliza akuwaika pansi, ndipo taonani kuti sanawataye kapena kuwagwetsa, wawaika. Apa pali matanthauzo awiri ndipo onse ndi oona nthawi imodzi: akusiya ubwana wake, komanso akuika nkhata pamanda a munthu amene sanalandirepo nkhata. Mwana wa zaka 10 wachita mwambo wa maliro umene akuluakulu analephera kuchita. Musasankhe limodzi, lembani onse awiri.

Rozi lapinki lija lamera pakati penipeni pa mkombero wa chingwe, ladya manyowa a pamalo pomwepo. Kukongola ndi nkhanza zili mu dothi limodzi, ndiponso dothilo likumeza umboni pang'onopang'ono, zaka zina zochepa palibe akanadziwa.

Chiganizo chomaliza chimanena kuti summer inatha, ndipo apa ambiri amasokonezeka chifukwa amamasulira kuti chilimwe nkumaganiza za Okutobala wathu, fumbi ndi kutentha, nkumadabwa kuti nanga kutha kwake nkoipa bwanji. Kumeneko summer ndi Juni mpaka Ogasiti, nyengo yofunda, masiku aatali, ana ali pa holide, kenako kumabwera kugwa kwa masamba ndi chisanu. Kuti mumve kukoma kwake ganizirani masika athu, chimanga chachiwisi, maungu, mtedza wofukula kumene, mwana wakhuta akusewera. Nkhani yonse yachitika mmawa umodzi, nyengo singathe pa maola ochepa, ndiye chatha ndi cha mkati mwa Myop.

Za dzina lake, owerenga ambiri amalilumikiza ndi myopia, vuto la maso loona zapafupi zokha, ndipo zikugwirizana ndi zoti akuponda m'maso mwa chigaza kenako iye nkuyamba kuona. Walker mwini anavulala diso limodzi ali ndi zaka 8 mchimwene wake atamuwombera mwangozi ndi kamfuti koseweretsa, diso limenelo silinaonenso. Mutha kutchula izi mzere umodzi, koma musamange pepala lonse pamenepo.

6. Lembani chiganizo chimodzi chonyamula pepala lonse musanayambe

Ngati simungathe kunena mfundo yanu m'chiganizo chimodzi ndiye kuti simunaipeze. "Nkhaniyi ikukamba za kutha kwa ubwana" si mfundo, ndi mutu umene mwapatsidwa kale. Mfundo ndi yoti wina atha kuitsutsa, mwachitsanzo: Myop saopa imfa, chimene chikumulanda ubwana ndi chingwe, chifukwa chikumuonetsa kuti dziko lomwe amasewerapo ndi lomwenso anthu onga iye amaphedwerapo. Yanuyo ikhale m'mawu anu, iyi ndangoonetsa kamangidwe.

Kenako ndime iliyonse ikhale ndi zinthu zitatu, zomwe mukunena, mawu ochepa a m'nkhani otsimikizira, ndi kufotokoza kwanu kuti mawuwo akutsimikizira bwanji. Chachitatuchi ndiye chimasowa kawirikawiri, munthu amakopera mzere nkuusiya pamenepo ngati udziyankhulira wokha. Osabwereza nkhani yonse, amene akuchonga anaiwerenga kambirimbiri. Dongosolo lomwe limayenda bwino ndi ili: mawu oyamba ndi mfundo yanu, ndime ya malo ndi nthawi, ndime ya Myop wa mmawa, ndime ziwiri kapena zitatu za chigaza ndi chingwe, ndime ya maluwa ndi chiganizo chomaliza, basi mwatseka. Masamba anayi aja adzadza ndipo mudzachita kudula zina.

Mawu akuti innocence asakupusitseni. Si kusalakwa kwa kukhoti, Myop palibe amene akumuimba mlandu. Ndi mtima wa mwana umene sunakumane ndi zoipa za dziko maso ndi maso. Ndinapezapo pepala lonse likuteteza Myop kuti sanaphe munthuyo.

7. Kufanizira ndi kwathu, chitani mosamala

Aphunzitsi ena amafuna mulumikize nkhani ndi zomwe mukuzidziwa, ndipo ndi bwino, koma apa pali dzenje. Ambiri amathamangira kulemba za kuwotcha wakuba pamsika kapena kugenda agogo oganiziridwa ufiti, nkunena kuti ndi chimodzimodzi. Zimenezo ndi zoipa kwambiri ndipo zikufanana pakuti gulu latenga lamulo mmanja, mwana amene waona zimenezo naye sabwerera kunyumba ali yemwe uja. Koma mukanena kuti ndi chimodzimodzi mwachotsa tsankho m'nkhani ya Walker, chikhalirecho funso lanu likufunsa za tsankho. Lynching ya kummwera kwa America inali ya mtundu umodzi wokhala ndi malo, mfuti, apolisi ndi makhoti, kuopseza mtundu wina wonse kuti ukhalebe pansi nkumalima thonje motchipa. Ngati mufanizira nenani pamene zikufanana ndi pamene zikusiyana.

Ulalo wolimba kwambiri ndi wa thangata, pamene anthu okhala pa maesiteti a azungu kumapiri a Shire ankalipira malo ndi thukuta lawo. Ndiponso John Chilembwe anapita ku America mu 1897 ndi Joseph Booth, nkukaphunzira pa sukulu ya anthu akuda ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, nkubwerera mu 1900, ndiye kuti anakhala kummwera kuja m'zaka zomwe lynching inali pachimake, asanadzalimbane ndi za ku Magomero mu 1915. Ziganizo ziwiri za izi ndi zokwanira, kenako bwererani kwa Myop, nkhaniyo ndi ya ku America ndipo ikhale komweko.

8. Musanapereke

Werenganinso pepala lanu nkhani ya Walker ili pambali, chilichonse chomwe mwanena kuti Myop anachita muchipeze ndi chala patsamba. Ngati mwalemba kuti analira, anathawa, anakauza amayi ake, anakomoka, fufutani, mulibemo zimenezo. Ngati mwalemba kuti anapeza mtembo wongofa kumene fufutaninso, ndi mafupa a zaka zambiri. Onani ngati mawu akuti chingwe akupezeka m'pepala lanu koposa kamodzi, ngati sakupezeka bwererani pa nambala 4. Zaka ndi manambala a mbiri muwatsimikize, Till ndi 1955, buku ndi 1973, musasokoneze ziwirizi.

Ndipo onani mmene mwamutchulira womwalirayo. Mapepala ambiri amati chinthucho, chigobacho, mafupawo kuyambira pamwamba mpaka pansi. Walker kuyambira pamene Myop waponda akumutchula ngati munthu wamwamuna, maso ake, mutu wake, zala zake, anali wamtali. Inunso lembani kuti bamboyo, ndipo mutha kuikapo ndime yaifupi yofotokoza chifukwa chake wolemba anasankha kutero. Amene mukufuna ndikuonereni zomwe mwalemba, bweretsani masiku atatu tsiku lopereka lisanafike, ndipo mubwere ndi pepala lija munadula mzere pakati pa nambala 3.